Chilengezo: Loweruka tikambirana za William Kamkwamba

Mamembala a gulu lowerenga mabuku,

Loweruka likubwerali tikumana 2 koloko masana m'kalasi yathu ya nthawi zonse ku Katoto. Tiyamba ndi kuonera kanema wa kucheza kwa William Kamkwamba ndi Chris Anderson, mtsogoleri wa TED (misonkhano yogawana nzeru zatsopano), pa msonkhano wa ku Arusha, Tanzania, mu 2007. Ndi wamfupi, ndipo Chingerezi chinkamuvuta mnyamatayo, koma mvetserani mmene akufotokozera makina amphepo opangira magetsi omwe anapanga kwawo ku Wimbe, Kasungu, ali ndi zaka 14, pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi dayinamo ya njinga.

Kenako tilowa m'buku lake la 2009, The Boy Who Harnessed the Wind, lomwe analemba ndi Bryan Mealer. Tikhalitsa pa mitu ya njala ya 2001 mpaka 2002, yomwe inamusiyitsa sukulu atasowa fizi. Pamenepa m'pamene pali mtima wa bukuli. Amene munangoonera filimu yochokera m'bukuli, werenganiko.

Aliyense abwere ndi buku (kubwerekana kulipo), cholembera, funso limodzi lomwe akanamufunsa Kamkwamba, ndi K2,000 ya tiyi ndi mafuta a jenereta ngati magetsi angazime. A ku Luwinga ndi Chibavi nyamukani msanga.

Yankhani pofika Lachinayi madzulo kuti tidziwe chiwerengero cha mipando.

Mlembi wa gulu