Kalata Yotseguka kwa Phungu wa Dera Lathu ku Kasungu pa Nkhani ya Msilikali Wakale wa Mizinga

Olemekezeka a Phungu,

Ndikukupatsani moni. Ndalemba poyera chifukwa makalata amene banja lathu linasiya ku ofesi yanu sanayankhidwe.

Agogo anga aamuna, omwe tsopano adutsa zaka 100, ndi mmodzi wa amuna a ku Nyasaland amene anatengedwa pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Ambiri akamva zimenezi amaganiza za asilikali oyenda pansi a King's African Rifles, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1902, koma iwo anaikidwa ku gulu la mizinga la East African Artillery. Anapita ku Ceylon (lero Sri Lanka) mu 1943 pamodzi ndi gulu lalikulu la asilikali lotchedwa 11th East African Division, ndipo mu 1944 analowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma mvula ili pakati, mpaka anakafika ku mtsinje wa Chindwin.

Mwina simudziwa m'mene ntchitoyi inkayendera, choncho ndiloleni ndifotokoze. Gulu la mizinga la nthawi imeneyo linkagawidwa m'zigawo zitatu, chilichonse chokhala ndi mizinga 8. Mzinga umodzi wa mtundu wotchedwa 25-pounder unkafuna amuna 6: wolamula, wolozetsa, wotsegula ndi kutseka kumbuyo kwake, woikamo chipolopolo ndi awiri okonza zipolopolo. Chipolopolo chimodzi chinkalemera makilogalamu oposa 11 ndipo chinkafika mtunda wa makilomita pafupifupi 12. Agogo anali oikamo chipolopolo, kutanthauza kuti mutu wawo unkakhala pafupi ndi chitsulocho nthawi iliyonse chikamaphulika, popanda chotchinga kumakutu. Anabwerera kumudzi khutu limodzi litafa, ndipo linalo lakhala likutsekeka mpaka lero samva chilichonse.

Ugonthi umenewu ndi umene wawamanitsa chakudya. Pa nthawi ya njala yapitayi anawanyamula pa njinga kupita kokalandira chimanga, anakhala pansi pa mtengo kuyambira m'mawa, dzina lawo linaitanidwa, iwo osamva, wolemba n'kulidumpha. Mnyamata amene anawaperekeza anali atapita kukawatungira madzi. Anabwerera opanda kanthu, ali ndi mendulo yawo pachifuwa, chifukwa iwo amaona kuti msonkhano uliwonse wa boma ndi wofunika kuuvalira bwino. Kuchipatala zimachitika chimodzimodzi. Denga la nyumba yawo likudontha, maso ayamba kuchita khungu, ndipo chiphaso chawo cha usilikali chinadyedwa ndi chiswe.

Ndikukulemekezani, bwana, koma ndatopa. Pa msonkhano wanu wokopa anthu munawagwira dzanja pamaso pa mafumu, munawatchula kuti ngwazi, ndipo munalonjeza malata ndi kachipangizo kothandiza kumva. Mwezi wa Novembala uliwonse timaonera nkhata za maluwa zikuikidwa pa chipilala cha ku Area 18 ku Lilongwe, mizinga ndi malipenga zikulemekeza akufa, pamene wamoyo yemwe anaombadi mzinga akugona ponyowa kuno ku Kasungu.

Pempho langa ndi ili. Mubwere ndi wachipatala woona za makutu mvula isanayambe, mupereke malata amene munalonjeza, ndipo muthandize kuti dzina lawo lifufuzidwe m'mabuku akale a asilikali kuti alembedwe m'kaundula wa oyenera thandizo. Mukafunsenso ku Nyumba ya Malamulo kuti ndi amuna angati a boma lino la Kasungu amene anatumikira ku mizinga, ndiponso kuti ndani akulemba mbiri yawo, popeza agogo akadali okhoza kutchula mayina a anzawo asanu amene ankagwira nawo mzinga umodzi.

Ine mdzukulu wawo,
Kasungu