Mankhwala a m'soseji alembedwe moonekera

Akonzi,

Mwana wanga ali ndi mphumu. Mwezi watha atadya soseji ya m'firiji imene ndinagula m'sitolo ina ku Limbe, anabanika usiku wonse. Kuchipatala anati mwina ndi sulphite, mankhwala amene amathira m'soseji ndi m'tchipisi zoumitsidwa m'firiji kuti zisawonongeke msanga kapena kuda. Pa paketi panangolembedwa E223, timalembo tating'ono ngati nyerere. Mayi wa ku Ndirande angadziwe bwanji kuti nambalayo ndi sodium metabisulphite, mtundu wina wa sulphite? Inenso ndinachita kufunsa.

Malamulo a Codex, amene ndi miyezo ya zakudya ya padziko lonse, amati sulphite ikafika mamiligalamu 10 pa kilogalamu, izitchulidwa pa paketi. Ndikupempha a Malawi Bureau of Standards alamule kuti dzinalo lizilembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, m'Chichewanso.

Mayi wodandaula,
Blantyre