Timawu tachingerezi tofanana zilemboti muzitiuzanso matanthauzo ake

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yathuyi ndinene zomwe zakhala zikundisowetsa mtendere. Pa tsamba la ana lija mumakonda kuyika timawu tachingerezi tifupitifupi tokhala ndi zilembo zofanana, monga cat, bat, hat, mat, rat, ana nkumaloweza ngati nyimbo. Sikuti ndikutsutsa ayi, koma nanga matanthauzo ake mumawasiyira ndani?

Mwana wanga amalakatula mndandanda onsewo osapumira, koma tsiku lina nditamufunsa kuti bat ndi chani anangoti kakasi kundiyang'ana. Chikhalirecho kamawu ka zilembo zitatu kameneka kamanena zinthu ziwiri, ndi mleme uja ouluka usiku komanso ndi chibonga chomenyera mpira pa masewero a cricket. Ndiye mwanayu waphunzirapo chani apa?

Vuto lenileni ndiloti ife tinazolowera Chichewa, mavawelo 5 basi ndipo chomwe walemba ndi chomwe uwerenge, pamene chingerezi zilembo zake ndizabodza heavy. Tangoonani tough, cough, though, through, bough ndi dough. Onsewa akuthera ndi ough koma tough, kutanthauza cholimba, akumveka af kumapetoko, cough kuja nkutsokomola akumveka of, through kudutsa mkati akumveka u, bough nthambi yaikulu ya mtengo akumveka au, ndiye though yemwe ndi ngakhale ndi dough ufa okandakanda opangira buledi ndi okhawo akugwirizana. Mwana amene mwamuphunzitsa kuti zofanana zilembo zimafanana katchulidwe akafika apa mutu umaima, inenso ndisaname ndinakula ndikumutchula bough ngati cough mpaka wina anandiseka pagulu.

Zinthuzitu zili ndi pochokera. Kale gh ameneyu ankatchulidwa ndithu, mokhwekhwereza kukhosi ngati momwe amachitira a ku Germany akamati Nacht, amene ndi night wachingerezi. William Caxton atabweretsa makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476 kalembedwe kanayamba kukhazikika pang'onopang'ono koma pakamwa pa anthu zinthu zinapitilira kusintha, basi zilembo zina nkutsala pa pepala zopanda mawu. Chimodzimodzi k wa mu knee, knife, knot ndi know, uja ankatchulidwa, ndipo ku Germany bondo mpaka lero ndi Knie k wake omveka bwinobwino. Panopa ntchito yake ndiyongothandiza maso kuti usiyanitse knot, mfundo ya chingwe, ndi not wokana uja, kapena know ndi no. Zoterezi mutamawauza ana mwachidule angamasangalale nazo kuposa kungoloweza.

Za l ndi r sindichita kunena zambiri, tonse tikudziwa m'mene pray ndi play amatichititsira manyazi, kupemphera kumasanduka kusewera. Ship ndi sheep nawonso, sitima ndi nkhosa kutuluka mofanana mkamwa.

Akuluakulufe tisawaseke anawa. Ine ndimasewera Wordle pa foni, kagemu kaja anapanga Josh Wardle kenako a New York Times nkukagula mu 2022, umasaka mawu a zilembo 5 ndipo amakupatsa mwayi oyesa ka 6 kokha. Tsiku lina ndinapeza knoll mongophonyetsa zilembo mpaka zonse zagirini kusonyeza kuti ndakhoza, ndinanyadira zedi koma tanthauzo lake osalidziwa, ndinachita kukayang'ana mu dikishonale kuti kani ndi kachitunda kakang'ono. Ndinaona kuti ine ndi mwana wanga uja palibe kusiyana.

Ndiye pempho langa a Mkonzi ndiloti m'malo moika mawu 20 pakamodzi muziika asanu okha, lililonse ndi tanthauzo lake mu Chichewa komanso kachiganizo kamodzi kosonyeza m'mene amaligwiritsira ntchito, ndipo pomwe zilembo zikufanana koma katchulidwe nkosiyana muzinena poyera. Kungoti tsiku lomwe muzafike pa kamawu koti set muzasankhepo matanthauzo awiri kapena atatu basi, chifukwa dikishonale yaikulu ya Oxford ya 1989 inapereka matanthauzo 430 a kamawu kameneka, tsamba la ana silingakwane.

Kholo lowerenga nyuzi yanu sabata iliyonse