Kalata Yotseguka kwa a Nduna ya Zaumoyo: Mabondo a Anyamata Athu Akutha Tikuona

Olemekezeka a Nduna,

Ndimaphunzitsa timu ya mpira wamiyendo m'dera lathu. Chaka chatha mnyamata wanga wina wazaka 19 adapotokola bondo polimbirana mpira pabwalo lathu la fumbi. Bondo lidatupa, ndipo mpaka lero limagwira ngati muli kamwala. Kuchipatala adamujambula X-ray, adati fupa lili bwino, adampatsa Brufen. Tsopano akafuna kutsika kabaza amayamba wagwira bondo ndi manja awiri.

Chomwe chidavulala ndi chicherewecherewe, koyera kosalala kaja timatafuna kunsonga kwa fupa la nkhuku. Pa X-ray sichioneka. Chilibenso mitsempha ya magazi, n'chifukwa chake chikagumuka sichipola chokha. Dokotala William Hunter wa ku London adalemba kale zimenezi mu 1743.

Koma madokotala sadakhale manja lende. M'ma 1980 Richard Steadman wa ku America adayambitsa njira yotchedwa microfracture. Amalowetsa kakamera m'bondo pa kabowo kakang'ono, n'kuboola timaenje pafupa pamene pagumuka kuti magazi ndi mafuta a m'fupa zidzaze balalo. Chomera pamenepo sichilimba ngati chachibadwa, komabe pa bala laling'ono munthu amayendanso bwino. László Hangody wa ku Hungary amadula tizidutswa ta fupa ndi chicherewecherewe chake pambali posasenza thupi, n'kutikhomerera pabalapo. Ku Gothenburg, Sweden, Lars Peterson ndi Mats Brittberg adalengeza mu 1994 zochulukitsa maselo a chicherewecherewe cha wodwalayo mu labotale n'kuwabwezera m'bondo, ndipo mu 2016 America idavomereza MACI, yomwe imayala maselowo pa kansalu kopangidwa ndi collagen, puloteni yochokera m'thupi la nkhumba.

Sindikupempha za maselozo, a Nduna. Zimafuna maopareshoni awiri, labotale yapadera ndi ndalama zomwe zingagule mankhwala a malungo a ana ambirimbiri. Ndikupempha njira ziwiri zoyambazo, zomwe zimatheka pa opareshoni imodzi.

Poyambira tili napo. Ku Kamuzu Central kuli LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo, ku Queen Elizabeth kuli madokotala a mafupa, ndipo kuyambira 1985 dziko lino lakhala likuphunzitsa makiliniko ofesala a mafupa omwe ali m'zipatala za maboma. Aphunzitseni kuzindikira kuti bondo lotupatupa ndi logwira, X-ray itanena kuti palibe kanthu, ndi loyenera kutumiza msanga ku MRI, makina ojambula omwe amaonetsa chicherewecherewe, ndi kwa katswiri. Ikani mu bajeti makamera a opareshoni ya bondo, pamodzi ndi ndalama zowakonzera akawonongeka.

Musaiwale a mafizo. Akachitidwa microfracture, munthu amakhala pafupifupi masabata 6 asakupondera mwendowo, kenaka miyezi yambiri ya mafizo. Mnyamata wa kumudzi akatuluka m'chipatala opanda ndodo zoyendera, mawa lake akalowa m'dimba, ntchito yonse ya dokotala yapita m'madzi.

Bala likasiyidwa limakula, mafupa n'kuyamba kukhuzana, ndipo nyamakazi yotere njirazi siziithanso. Mnyamata wanga uja bala lake likadali laling'ono. Loweruka lililonse amabwera kubwalo, amakhala pa njerwa n'kumatisungira madzi akumwa. Ndikupemphani muyankhe pagulu kuti onga iye azipita kuti.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa mpira wa achinyamata