Lipoti la ulendo wa ku Chicago: bizinesi ya wholesaling ndi thumba la gulu lathu

Apampando, mayi msungichuma ndi mamembala nonse,

Munandituma kukamva ngati ndalama zomwe timasonkha mwezi ndi mwezi zingalowe mu bizinesi yomwe achinyamata athu akhala akuitamanda pa WhatsApp, ya wholesaling. Ndiyambe ndi yankho: tisatulutse ndalama za gulu panopa. Bizinesiyi ilipo ndithu ndipo ena akudyerapo, koma zoti munthu angayambe wopanda ndalama, wopanda laisensi, n'kulemera m'miyezi itatu, ndi zokometsera za pa YouTube ndi TikTok.

Msonkhano womwe ndinapitako unali wa anthu ogula ndi kugulitsa nyumba m'dera la Chicago. Munali maloya, ma broker (amkhalapakati a laisensi pa malonda a nyumba), akontrakitala ndi obwereketsa ndalama, koma ochuluka tinali ife ongoyamba kumene.

Kwa amene simunaimvepo bwino, imayenda chonchi. Wa wholesaling sagula nyumba. Amasaka mwini nyumba amene wapanikizika ndipo akufuna kugulitsa msanga. Mwina nyumbayo yatha, mwina msonkho wa ku county waunjikana, mwina ndi ya masiye ndipo ana ake ali kutali. Akagwirizana mtengo wotsika amasainirana kontrakiti yogula, yolembedwa moti wa wholesaling uja angathe kuipereka kwa munthu wina, ndipo amaika chikole chotchedwa earnest money ku title company, kampani yomwe imatsimikiza umwini wa nyumba ndi kusunga ndalama mpaka malonda atatha. Tsiku lomalizitsa malonda lisanakwane, amayenera kupeza wogula wa ndalama kumanja, kawirikawiri amene amakonza nyumba n'kugulitsanso kapena kuchititsa lendi. Wogulayo amatenga kontrakiti, n'kulipira wa wholesaling uja ndalama yomupatsira kontrakitiyo, yotchedwa assignment fee. Phindu lonse ndi limenelo. Amene munaonapo mavenda akugula chimanga chikadali m'munda kwa mlimi amene wasowa fizi ya mwana, mwamva kale theka la nkhaniyi, ubwino wake ndi kununkha kwake komwe.

Pomwe ndinachita chidwi kwambiri ndi pa masamu. Ogula ambiri amagwiritsa ntchito kawerengedwe kotchedwa 70 percent rule. Mumayamba ndi mtengo womwe nyumbayo ingagulidwe ikakonzedwa bwinobwino, umene amautcha ARV. Tiyerekeze kuti ndi $200,000. Mumatengapo 70 peresenti, kutsala $140,000. Kukonza kukafuna $35,000 mwatsala ndi $105,000, ndipo ngati inu mukufuna kudyapo $10,000, ndiye kuti kwa mwini nyumba simungalonjeze koposa $95,000. Taonani: nyumba yoti idzafika $200,000, inu mukukapempha mwini wake kuti avomere ndalama zosakwana theka. Eni nyumba ambiri amakana, ndipo sakulakwa. N'chifukwa chake anthu a bizinesiyi amaimba mafoni ndi kutumiza makalata osawerengeka kuti apeze mmodzi wovomera, ndipo zonsezo zimadya ndalama.

Manambala awiriwo, ARV ndi mtengo wokonzera, ndi amene amagwetsa ongoyamba. Mtengo womwe webusaiti ya nyumba ya Zillow imaonetsa si woti munthu asainire kontrakiti. Pamafunika mitengo yeniyeni ya nyumba zofanana zomwe zagulitsidwa posachedwa m'misewu yoyandikana, ndipo imeneyi amakhala nayo bwino ndi ma broker kudzera mu MLS, kaundula wawo wa nyumba zotsatsidwa ndi zogulitsidwa. Za kukonza ndiye zovuta kwambiri. Kuno ku South Bend tikudziwa momwe nyumba zambiri zilili zakale, makamaka m'madera omwe anthu anachokamo fakitale ya magalimoto ya Studebaker itatsekedwa mu 1963. Mpaka Pete Buttigieg ali meya anachita kuyambitsa ntchito yokonza kapena kugumula nyumba 1,000 zosiyidwa m'masiku 1,000. Nyumba yotere ukaiona panja umati ingofunika penti, koma ukalowa ku basement umapeza maziko ang'aluka, mapaipi adzimbiri, mawaya akalekale. Yomangidwa chisanafike chaka cha 1978 imabweranso ndi nkhani ya penti wa lead, ndipo lamulo la boma la federal limati wogula auzidwe. Mukaphonya mtengo wokonzera ndi $15,000, phindu lanu latha ndipo wogula akuthawani. Kontrakitala wina pamsonkhanopo ananena kuti ongoyamba amabwera ndi mitengo ya m'mutu, asanakwerepo ngakhale padenga, ndipo m'holomo munali kuseka kwa anthu odziwa kuti akunena iwo.

Tsopano za malamulo, zomwe achinyamata athu sanazione m'mavidiyo aja. Ku Illinois, kuyambira 2019, munthu akachita malonda a makontrakiti otere kawiri kapena kuposerapo m'miyezi 12, amatengedwa ngati broker ndipo ayenera kukhala ndi laisensi. Ku Oklahoma lamulo la 2021 limafuna laisensi kwa wotsatsa kontrakiti poyera. Mzinda wa Philadelphia uli ndi laisensi yakeyake ya anthu a wholesaling, ndipo South Carolina inakhwimitsa malamulo ake mu 2024. Mphepo ikulowera komweko. Choncho membala wathu wa ku Chicago, ku Illinois, sangachite zomwe wa ku Elkhart kapena Mishawaka kuno ku Indiana angachite, ndipo aliyense ayenera kufunsa loya wa state yake asanasaine kalikonse. Loya yemwe anayankhula anatsindika kuti wopanda laisensi akalemba pa Facebook kuti akugulitsa nyumba yomwe si yake, wadziputira mlandu.

Mafoni nawonso ali ndi msampha. Lamulo la TCPA la 1991 limalola munthu kukusumirani $500 pa foni kapena meseji iliyonse yoswa lamulolo, ndipo ikhoza kufika $1,500 ngati mwachitira dala. Palinso kaundula wa Do Not Call, wa manambala a anthu omwe anakana kuimbiridwa mafoni a malonda. Tizikwangwani tija mumationa pa mapolo a magetsi, tolembedwa kuti tikugula nyumba ndi kashi, m'mizinda yambiri n'toletsedwa.

Pali mfundo ina yomwe sinakambidwe kutsogolo chifukwa ambiri m'holomo sizikuwakhudza, koma ife ikutikhudza. Wholesaling ndi ntchito yoti munthu amaigwira ndi manja ake: kuimba, kukambirana, kusaina, kulandira malipiro. Ana athu omwe ali pa visa ya sukulu ya F-1, ndi anzathu a H-1B omwe chilolezo chawo n'chomangika kwa owalemba ntchito, akhoza kuononga mapepala awo chifukwa cha assignment fee imodzi. Ndikupempha makolo muwauze zimenezi momveka. Kwa ena tonse, ndalamayi IRS, bungwe la boma lotolera misonkho, imaitenga ngati ya bizinesi, ndiye pamwamba pa msonkho wa nthawi zonse pali self-employment tax ya 15.3 peresenti. $10,000 ija ikamafika m'thumba imakhala itaonda.

Chomwe chinandivuta mumtima ndi anthu ogulidwa nyumbawo. Mu 2023 atolankhani a ProPublica anafalitsa kafukufuku wokhudza HomeVestors, kampani ya zikwangwani za We Buy Ugly Houses, woonetsa momwe ena ogwiritsa ntchito dzina lake ankapanikizira okalamba ndi odwala kuti agulitse motchipa. Ambiri mwa ife timagwira ntchito yosamalira okalamba. Tikudziwa momwe gogo wosokonezeka mutu amavomerera chilichonse kwa munthu womuyankhula mokoma. Sindikunena kuti aliyense wa wholesaling ndi wakuba. Pali eni nyumba omwe amafunadi kuthana ndi bwinja lawo sabata yomweyo, akudziwa kuti akutaya ndalama, ndipo wowapezera wogula wawathandiza. Koma dzina la gulu lathu lisakapezeke pa pepala lomwe wina wasaina asakudziwa kuti ife sitigula, tikungopatsira wina. Choopsa china n'chakuti wogula akasowa, ena amangothawa kontrakiti, mwini nyumba atalongedza kale katundu.

Ogulitsa maphunziro analiponso, ndi matebulo awo pakhomo, mitengo yake ya madola masauzande. Sindinalembetse, ndipo musalembetse.

Zomwe ndikupempha kuti tikambirane ndi izi. Ngati pali membala wa mapepala olola ntchito iliyonse amene mtima wake uli pa nyumba, gulu limubwereke ndalama, mwa ngongole yathu ya nthawi zonse, kuti achite maphunziro a laisensi ya broker. Ku Indiana ndi maola 90, ku Illinois ndi 75, kenako mayeso. Akatero adzakhala ndi MLS, adzadziwa mitengo yeniyeni, ndipo lamulo likasintha silimupeza. Pamene akuphunzira, aziyenda ndi kontrakitala kuona nyumba, komanso adziwane ndi ogula a kashi ndi title company yomwe imavomera ma assignment, chifukwa si onse amavomera. Amene akhala nthawi mu bizinesiyi onse amanena chimodzi: peza wogula kaye, umve nyumba zomwe akufuna ndi mtengo wake, kenako uzisaka. Malonda oyamba achitire limodzi ndi munthu wozolowera, agawane phindu, ndipo chikole chichoke m'thumba mwake, osati mwa gulu.

Mayi msungichuma, malisiti a mafuta, toll ndi ndalama yolowera pakhomo ndakutumizirani, ndipo chenji chotsala ndibweretsa pa msonkhano wathu wa mwezi uno. Chitsanzo cha kontrakiti chomwe anagawa ndili nacho, wofuna kuchiona andiuze. Apampando, ndikupempha kuti nkhani ya ngongole ya laisensiyi muiike pa ajenda.

Ine mthumwi wanu.