Kwa iwe mnzanga, kuchokera kuno ku Leicester

Mnzanga,

Kalata yako ndailandira ndipo kukalipa kwako ndakumva. Ukuti chikwerereni ndege ndinaiwala anthu. Iwe ungayankhule za kuiwala, chitenje changa cha chinkhoswe chija chikadali m'sutikesi mwako? Ufa wafika, zikomo, ngakhale kuti achimwene ako anayamba augawako kwa anthu a kutchalitchi kwawo asanafike nawo pakhomo pano.

Zimene wamva kwa achemwali ako n'zoona, kungoti athira mchere wambiri. Alamu ako sanazungulire mutu ayi. Anagwa kuntchito n'kuyamba kuphupha, ndipo atawaunika anapeza chotupa mu ubongo, mbali ya kumanzere chakutsogolo. Madokotala akuganiza kuti ndi glioma ya mtundu wokula pang'onopang'ono. Kukula kwake sikukuwadetsa nkhawa kwenikweni, vuto ndi pamene chakhala. Chatsamira pamalo pamene pamachokera mawu. Akadula mopitirira pang'ono chabe, munthu akhoza kudzuka ali bwinobwino, akuyenda, akudya, koma pakamwa pali gwa.

Mwana wako wamkuluyu wasanduka pulofesa wa pathebulo. Tikudya amatiuza za Paul Broca, dokotala wa ku Paris, amene mu 1861 anali ndi wodwala wongotha kunena "tan" basi, chilichonse umufunse. Atamwalira anapeza kuti ubongo wake unawonongeka kumanzere chakutsogolo, dera lomwelo la alamu ako. Mu 1874 Mjeremani wina, Carl Wernicke, anapezanso malo ena chakumbuyo, amene akawonongeka munthu amayankhula mosadodoma koma zopanda mutu. Ndinati amenewo ndiye amalume ako aja akaimirira pamaliro. Alamu ako anaseka mpaka kutsamwa, kuseka koyamba chiyambireni zimenezi.

Koma malowa sakhala ndendende pamodzimodzi mwa aliyense, ndipo chotupa chikamakula mwakachetechete ubongo umatha kusamutsira ntchito zina pambali. N'chifukwa chake amayamba ajambula kaye mapu a munthuyo payekha. Funso loyamba linali lakuti amalembera dzanja liti. Iwo anati lamanja. Ine ndinati dikirani adokotala, munthuyu mwala amaponyera kumanzere, khasu kumanzere, lamanjalo anachita kumuphunzitsa ndi rula ali sitandade 1. Dokotala anasiya kulemba n'kundiyang'ana. Akuti mwa anthu a dzanja lamanja, pafupifupi 95 pa 100 alionse chiyankhulo chimakhala kumanzere kwa ubongo, pomwe mwa amanzere ndi pafupifupi 70, enawo chimakhala kumanja kapena mbali zonse. Ukawauze aphunzitsi athu aja, ngati akadali moyo, kuti rula yawo yafika mpaka m'mafayilo a ku Mangalande.

Kujambulako amati fMRI. Amakulowetsa m'makina a MRI omwe aja aphokoso, mutu atautsekera kuti usagwedezeke, lamba ndi mphete utavula. Kenaka amakuonetsa chilembo kuti uganize mawu oyamba nacho, kapena chithunzi kuti uchitchule chamumtima, osatsegula pakamwa. Ukatero kwa kanthawi amati upume, kenaka uyambirenso. Dera la ubongo limene likugwira ntchito limakoka magazi ambiri okhala ndi mpweya wabwino, ndipo makinawo amaona kusinthako. Anatisonyeza pakompyuta: ubongo wotuwa, chotupa chooneka mbuu, ndi timadontho tofiira ndi tachikasu titachizungulira m'mphepete. Panalinso chithunzi china chosonyeza mitsempha yolumikiza dera la kutsogolo ndi la kumbuyo, ikudutsa pafupi kwambiri moti ndinagwira mpando.

Tili m'basi pobwerera m'pamene chinandigwira pakhosi. Ndinawafunsa kuti mawu aja mumawaganiza m'chiyankhulo chanji? Akuti m'Chingerezi, si mmene anandiuzira. Mnzanga, mapu onse aja ndi a Chingerezi. Chichewa palibe anachifufuza.

Usiku umenewo sindinaone tulo. Ndinkangoona alamu ako atadzuka ku opaleshoni ndi Chingerezi chokhachokha, n'kuimbira foni apongozi ku Ntcheu. Mayi aja angati chiyani? Angati ndine ndawadyetsera mwana wawo, paja chikwatiwireni sanandikhululukire nkhani ya mbuzi ija. Ndinkaona tikubwera kumudzi ine ndili womasulira pakati pa mayi ndi mwana wawo, pamilandu ya munda, pa zinkhoswe, ngakhale pokangana ife awiri. Ndikangane ndi mwamuna wanga m'Chingerezi ine? Ndingapambane bwanji? Ndikuseka pano koma usikuwo ndinalira. Munthuyu amapemphera m'Chichewa, amawerenga ndalama m'Chingerezi, ndipo akalota amabwebweta m'Chichewa. Sindikufuna kuti wina andisankhire theka loti nditsale nalo.

Ndinabwerera n'kukafunsa, mtima uli thithithi poopa kuoneka wovuta. Mayi woona za kayankhulidwe sanadabwe n'komwe. Akuti zinadziwika kale mu 1978, pamene George Ojemann ndi mnzake ku America anapeza kuti mwa odwala oyankhula ziyankhulo ziwiri, pali malo ena amene ukawakhudza chimasokonekera chiyankhulo chimodzi chokha, chinacho chili bwino. Mbali yaikulu zimagawana malo, koma osati ponse. Ndiye avomera kuyesa zonse ziwiri. Chimene chikundiwawa n'chakuti pafomu analembapo kale kuti chiyankhulo chawo choyamba ndi Chichewa, koma ndikanapanda kufunsa zikanangopita choncho.

Anandiuzanso kuti ndisadalire kwambiri timadontho tija. Timasonyeza malo amene akutenga nawo mbali, osati amene munthu sangachite popanda iwo, ndipo chotupa chimasokoneza kayendedwe ka magazi moti chithunzi chimatha kunama. Chigaza chikatsegulidwa ubongo umasunthanso pang'ono. Choncho mapu enieni adzawapeza tsiku lomwelo, alamu ako ali maso. Inde, wawerenga bwino. Adzawagoneka potsegula, kenaka n'kuwadzutsa. Ubongo pawokha sumva kuwawa. Dokotala azidzakhudza malo amodziamodzi ndi kachitsulo ka magetsi ochepa kwa masekondi owerengeka, iwo akutchula zithunzi: nkhuku, mpando, njinga. Akangokakamira kapena kutchula china, pamenepo amaikapo kachizindikiro, sadulapo. Njirayi ndi yakale, Wilder Penfield ankaichita ku Montreal m'ma 1930. Mu 2020 ku King's College Hospital ku London mayi wina ankaimba vayolini madokotala ali mkati mochotsa chotupa. Alamu ako akuti iwo apempha bawo.

Tsopano mutu waima pa womasulira. Ine m'chipindamo sandilola, ndipo mwina n'zabwino, ndingakomoke n'kuwonjezera ntchito. Woyamba amene anatipezera ndi mnyamata waulemu wa ku Lusaka, koma Chinyanja chake ndi cha m'tauni, ndipo alamu ako akatulutsa mawu a kwawo ku Ntcheu iye amangomwetulira. Nanga adzadziwa bwanji ngati alakwitsa chifukwa cha magetsi kapena ndi mmene amayankhulira? Ali ndi kamphindi kochepa koti anene. Tikufunafuna wina.

Kunyumba kuno ndiye zandikwana. Mankhwala ochepetsa kutupa aja awapatsa njala ya fisi, pakati pausiku ndimamva mthiko ukugunda m'poto, ndiye ufa wakowu sufika mwezi. Galimoto anawaletsa kuyendetsa chigwereni, laisensi tinabweza, moti kulikonse ndi ine, ndipo akakhala pambalipa amaponda mabuleki a m'maganizo. Kukuda msanga, zovala siziuma. Amayi a kwaya aja anabwera kudzapemphera n'kukhala mpaka kutha shuga yense. Apongozi sitinawauze zoti adzakhala ali maso, ndipo iwe usayerekeze kuuza achemwali ako, ifika ku Ntcheu dzuwa lisanalowe.

Za padenga la nyumba yathu ija uwauze amisiri adikire kaye. Ndimafuna ndikufunsenso za mwana wa achimwene ako amene akuphunzira unesi ku Manchester uja, Chichewa chake chikadali chakumudzi? Chifukwa ngati angalole, mwina achipatala... akundiitana kukhitchini, china chake chapsa. Ndipitiriza ndikapeza pepala lina, ili latha