Bambo Parkinson, mwana ataxia: kodi si matenda amodzi?

Adokotala,

Ndithandizeni pa nkhani ya banja lina limene bambo akumwa levodopa chifukwa anawapeza ndi Parkinson, koma tsopano mwana wawo wazaka 34 wayamba kudzandira, ndipo akuti ndi ataxia.

Kusiyana kwa matenda awiriwa ndikukudziwa. Wa Parkinson dzanja limanjenjemera likangokhala phee pamwendo, minofu imauma, ndipo amayenda akukhwekhwereza mapazi chifukwa dopamine, amene amanyamula mauthenga mu ubongo, wachepa. Wa ataxia amayenda atatangadza miyendo, lilime limalemera, ndipo dzanja limagwedezeka likamayandikira chimene akufuna kugwira. Mukamuuza kuti akhudze mphuno yake ndi chala, chalacho chimaphonya. Apa chawonongeka ndi cerebellum, kachigawo ka ubongo ka kunkhongo.

Chikundisowetsa mtendere n'chakuti ataxia wakumtundu wotchedwa SCA (spinocerebellar ataxia), makamaka SCA2 ndi SCA3, nthawi zina amayamba ngati Parkinson weniweni, mpaka levodopa kumathandiza. Onsewa amabwera pamene kachidutswa kotchedwa CAG kabwerezabwereza mopitirira mu jini (chonyamula chibadwa chimene timatengera kwa makolo), monga zimakhalira pa matenda a Huntington, ndipo kachidutswako kakatalika popita kwa mwana, matenda amayamba msanga kuposa mmene anayambira kwa kholo. Kodi si zimene zikuchitika apa? Ataxia wa Friedreich ndikumukayikira, popeza amafuna kuti jini yolakwika ichokere kwa makolo onse awiri, ndipo nthawi zambiri amayamba munthu asanafike zaka 25.

Ndiye ayambe kuyezedwa majini ndani, bambo kapena mwana? Ndikuona kuti asanafike pamenepo, mwanayo ayambe wayezedwa zinthu zochizika: kuchepa kwa vitamini B12 ndi E, chithokomiro, kuchuluka kwa mkuwa m'thupi (matenda a Wilson), ndiponso afunsidwe za mowa ndi mankhwala a khunyu monga phenytoin. Kodi kujambula ubongo ndi makina a MRI kubwere zimenezi zisanachitike kapena pambuyo pake?

Chondilemera kwambiri ndi abale a mwanayo. Ngati ndi SCA, mwana aliyense wa bambowo ali pakatikati, 50 pa 100, kuti anatengera kapena ayi, ndipo mankhwala oletsa matendawa kukula palibe. Aliyense amene ndi munthu wamkulu angasankhe yekha zoyezedwa atalandira uphungu. Nanga mlongo wake amene sakudwala, koma akufuna kudziwa asanatenge pakati, timuuze kuti ayambire pati?

Ine wanu,
Wowerenga wodandaula